Mwana wa Achimwene Anga

Foni inandipeza ku Diaobé, pakati pa msika wa Lachitatu. Ndinali ndi tcheni cha njinga yamoto m'manja, tikukokana mtengo ndi munthu wa ku Gambia. Ndinaona nambala. Ndinamusiya munthuyo ali chilankhulire.

"Baba, muli kuti?"

"Panjira, Amayi."

"Inu ndi njira."

Ndimamutcha Amayi. Ndi mwana wanga woyamba, komanso anamupatsa dzina la mayi anga. Dzina limenelo silituluka pakamwa panga. Ife Afulani mwana woyamba sitimutchula. Sitimuyamikira. Pagulu sitimuyang'anitsitsa. Zake zonse amanena ndi achimwene a bambo ake. Ine ndinakulira m'tauni, ku Labé, kuseri kwa depoti. Ndagonapo ku Luanda, ku Lomé, ku Guangzhou. Ndagulapo katundu kwa Mtchaina polankhula ndi zala zokha. Koma zimenezi sizinandichoke. Zili ngati chipsera cha katemera.

"Sewero lomaliza lili Loweruka," iye anatero. "Likatha, koleji ndamaliza. Pali gulu la zisudzo kuno ku Conakry likufuna kunditenga. Bappa Sadou akana. Akuti akubwera kudzanditenga, ku Labé kuli sukulu ya ana ikusowa mphunzitsi."

Bappa Sadou ndi achimwene anga aakulu. Kwa mwanayo ndi Bappa, bambo aakulu. Kwa ine ndi Koto.

"Ndamva," ndinatero.

"Mwamva basi?"

"Ndamva, Amayi."

Kumbuyo kwake kunkamveka ng'oma, wina akuiyesa.

"Baba, ndifunse. Inunso mumachita nane manyazi?"

Lole ya anyezi inadutsa. Ndinatseka khutu linalo ndi chala.

"Tsiku lija munabwera ndi alendo a ku Bamako," anapitiriza, "munawauza kuti ndine mwana wa achimwene anu. Ndinali pompo, ndikuthira tiyi."

"Ndi mmene timanenera."

"Mmene timanenera ndikudziwa. Chimene sindikudziwa ndi zili mumtima mwanu. Ngati nanunso simukufuna, ndilongedza, ndikwera nawo Bappa. Sindingalimbane ndi anthu awiri."

Anadula.

Manyazi. Ine.

Masewero ake ndinawaphonya onse, zoona. Loyamba ndinali ku Luanda, katundu atakanirira padoko. Lina mlatho unakokoloka kuseri kwa Kankan. Koma anzake amajambula, iye amanditumizira. Makanemawo ali m'foni mwangamu. Ndawaonera mpaka ndimadziwa pamene munthu wina wokhala kutsogolo ati atsokomole. Ndaonetsa anthu m'mabasi, m'malo ogona alendo, pamizere ya pamalire. Msilikali wina anaonera mpaka kumapeto, kuiwala kutsegula chikwama changa. Onse amafunsa: ndani ameneyu? Ndimati mwana wa achimwene anga. Kenako ndimayang'ana pawindo.

Tchenicho ndinamusiyira wa ku Gambia uja pa mtengo wake. Ndinakwera galimoto yopita ku Labé.

Mkazi wanga Hassatou sanafunse zambiri. Kwa iyenso uja ndi mwana woyamba, nayenso pakamwa ndi pomangidwa. Anandipakirira botolo la uchi ndi kathumba ka fonio, timbewu tathu tonga mawere.

"Mukampatse uja," anatero, maso ali pa thumbalo.

Koto ndinawapeza pakhonde la sitolo yawo ya malata ndi simenti, mikanda yopempherera ili m'manja. Tinalonjerana mpaka malonje anatha. Thupi, ulendo, ana, mvula, ng'ombe za kumudzi zomwe sindinazionepo.

"Wabwera bwino, Lamarana," iwo anatero. "Mawa tikatuluka mumzikiti tinyamuke. Tikamutenge mwana."

"Koto, mwina tikayambe taona sewerolo."

"Tikaona. Sindine munthu woweruza chinthu chili m'thumba. Koma mwana wa Diallo sagubuduka pansi kuti anthu aseke. Ntchito imeneyo ili ndi eni ake."

Ndinali ndi mawu. Ndinawakonza njira yonse kuchokera ku Diaobé. Ndinayang'ana mapazi awo, mawuwo anabwerera m'mimba.

Galimoto inali ya masiku aja, katundu pamwamba kutalika kuposa iyo yomwe, mbuzi itamangidwa pansonga. Koto anakhala kutsogolo. Ine pakati, nditapanikizidwa ndi mayi wina wathupi, beseni la nsalu zonyika lili pamiyendo. Tinalonjerana. Anafunsa mfunda wanga.

"Diallo."

"Ndi akuluwo?"

"Achimwene anga."

Anamenya mpando wa woyendetsa. "Imani, nditsitse katundu wanga. Mwakweza akuba awiri osandiuza."

"Mayiwa ndi a Bah," woyendetsa anatero akuseka. "Taïbou Bah. Ndaiwala kukuchenjezani."

A Bah ndi ife a Diallo tili pachisuwani kuyambira makolo. Amatitukwana, timawatukwana, wokwiya palibe. Ngakhale Koto anatembenuka.

"Ndimadabwa chifukwa chake galimoto ikupendekera mbali imodzi," iwo anatero. "Bah akakwera, mafuta amatha kawiri."

"Kudya n'kwabwino kuposa kuba, a Haji. Inu mkanjowo munaugula kapena unakutsatirani?"

Tinadutsa tauni, tinayamba mapiri. Mayi Bah sanatseke pakamwa. Ankapita ku koleji komwe timapita ife. Mwana wawo Tely ndi woyimba ng'oma m'sewerolo. Anatiuza za Tely kuyambira tsiku lomera mano. Tely ndi wachitatu kubadwa. Amamutchula mmene afunira. Ndinkamvetsera ngati munthu wosala kudya akuonerera mnzake akumwa madzi.

"Nanga wanu ndi uti?" anafunsa.

"Dalanda," Koto anayankha.

"Wamisala uja? Tely wanga amati ameneyo akalowa, manja amaiwala ng'oma."

Khosi la Koto linauma. "Wamisala?"

"Ndi amene akusewera wamisala wa padepoti. Simukudziwa? Akuti amadzola phulusa, nsanza, tsitsi lili nyankhalala."

"Tsitsi lili pamtunda?"

"Nanga munaonapo wamisala womanga duku bwinobwino?"

Mikanda inayamba kuthamanga m'zala za Koto. Mayi Bah anandiyang'ana cham'mbali. Ine ndinali nditasolola khosi pawindo, ngati ndikuona ngati mbuzi ija ikadalipo.

"Ohoo," anatero chapansipansi. "Ndiye mwini wake ndi wakuba wamng'onoyu."

Njira ya Labé kupita ku Conakry ndimaidziwa ngati mkati mwa thumba langa. Ndili ndekha sinditsika. Koto amatsika paliponse. Ku Pita kunali maliro a mlamu wa mnzawo, anati tikapepese. Woyendetsa anavomera, chifukwa ndi a Haji. Ku Dalaba kunali kuswali, kenako munthu wina wa malata anawagwira dzanja osalisiya. Kutsika phiri, tayala linaphulika. Tinagona ku Mamou, kwa msuwani.

M'mawa ndinawathirira tiyi ndekha. Tinali awiri pakhonde. Ndinaona kuti mpata ndi womwewu.

"Koto, masiku ano zisudzo ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ndaona ku Dakar, ndaona ku Abidjan. Anthu amalemekezeka nazo."

"Waona zambiri iwe."

"Ndikungoti mwina mwanayo..."

"Uli ndi ana angati, Lamarana?"

"Anayi."

"Atatu. Woyambayo ndi wanga. Tsiku la dzina ndine ndinamunong'oneza m'khutu. Wodzamufunsira adzabwera ndi mtedza wa kola wa mwambo pakhomo panga, osati pako. Ndiye ndidzamuyankha chiyani? Kuti dikirani, mkwatibwi akusamba phulusa?"

Anamwa tiyi. Anati wachepa shuga.

Kupitirira Coyah magalimoto anangoti gwa. Malole, njinga zamoto, ana ogulitsa madzi. Dzuwa linadutsa pamutu. Sewero linali loyamba masana, chifukwa magetsi a madzulo sadalirika. Ndinatsika, ndinayenda kukaona kutsogolo, ndinabwerera. Ndinatsikanso.

"Khala pansi, Diallo," anatero Mayi Bah. "Ukuyendayenda ngati waona chikwama cha munthu."

Tinafika anthu atalowa kale. Pakhomo la holo panali mphunzitsi wamkazi, wa mtundu wa Asusu a kunyanja kuno, magalasi ali pamphuno.

"Makolo a osewera kutsogolo," ankanena. "Mpando umodzi mwana aliyense. Ena nonse kumbuyo." Anandiyang'ana ine, chifukwa ndinali nditatsogola. "Inu ndi bambo a ndani?"

Ndinatsegula pakamwa.

"Uja. Wamtali uja."

"Kuno aatali ndi ambiri, bambo."

"Wa ku Labé."

"A ku Labé alipo angapo. Dzina."

Kumbuyo kwanga anthu ankakankha. Koto anali paphewa panga, ndinkamva mpweya wawo. Dzinalo linali pompo, kuseri kwa mano. Linali lolemera ngati injini.

"Simukudziwa dzina la mwana wanu?" mphunzitsiyo anafunsa, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Dalanda Diallo," anatero Koto. "Ndine."

Nkhope ya mphunzitsi inasungunuka. "Bambo a Dalanda. Lowani, lowani. Mwatilerera mwana." Anawagwira mkono, kuwaperekeza yekha mpaka kutsogolo.

Ine ndinapita kumbuyo, pabenchi yomaliza, pafupi ndi chitseko. Posakhalitsa benchi inalira. Mayi Bah.

"Mpando wanga watengedwa ndi bambo ake a Tely," anatero. "Munthu amene sanagulepo ndi pensulo yomwe. Wavala suti. Sendera uko, wakuba."

Kutsogolo kwanga kunakhala munthu wa chisoti chachitali. Ndikapendekera kumanja, nayenso. Ndinangoimirira theka, msana uli kukhoma.

Ng'oma inalira. Nsanja anaikonza ngati depoti. Mabenchi, matayala akutha, wogulitsa mazira owiritsa, oitanira akulimbirana munthu mmodzi wa chikwama. Anthu ankaseka. Ine ndinkafunafuna. Panalibe.

Chitseko cha pambali panga chinatseguka pang'onopang'ono. Ndinamva fungo la phulusa. Ndinacheuka. Mapazi otuwa, limodzi lili ndi patapata, linalo ayi. Nsanza. Phukusi lomangidwa ndi zingwe za matumba. Analowera kumbuyo, kudutsa pakati pa anthu. Anaima pomwe ndinali, pafupi moti chigongono chake chinakhudza malaya anga.

Maso anga anagwa pansi okha. Sindinawatume. Zaka zonse zija ndikudikira kuona nkhope imeneyi ili pantchito yake, yafika pamphuno panga, ine ndikuwerenga ming'alu ya simenti. Podzutsa mutu anali atapita kale, akuyenda chammbali ngati nkhanu, kulunjika kunsanja.

"Chitsiru," ananong'ona Mayi Bah.

Sindinatsutse.

Nkhani yake inali yosavuta. Wamisalayo amasesa padepoti ndi nthambi ya mango. Oyendetsa amamupatsa makombo, ana amamugenda. Galimoto iliyonse ikafika amathamangira pawindo n'kufunsa, "Mwamubweretsa?" Kuti ndani, palibe akudziwa. Poyamba anthu ankaseka. Iye ankatsanzira mayendedwe a wapolisi, kulanda mluzu, kuimitsa magalimoto. Anakwatula dzira m'beseni n'kuliika m'khwapa ngati nkhuku. Holo inagwa ndi phwete. Ine ndinaluma mkono wa malaya.

Kenako anthu anasiya kuseka mmodzimmodzi. Sindikudziwa anachita bwanji. Mawu anali omwewo. "Mwamubweretsa?" Koma ulendo uliwonse ankatsika pang'ono. Panafika pamene sanafunse n'komwe. Anangosuzumira pawindo, n'kupukuta galasi ndi nsanza yake, n'kubwerera pabenchi. Holo yonse inali zii. Ng'oma ya Tely inamveka ngati ili kutsidya kwa mtsinje.

Ndagona m'madepoti ambiri. Anthu amenewa ndimawadziwa. Alipo ku Bamako, alipo ku Lomé. Ndawapatsapo mkate, osawayang'ana. Uyu ndinamuyang'ana. Kuchokera kumbuyo kwa holo, kuseri kwa chisoti cha munthu, palibe akanandigwira.

Pomaliza kunalira hutala kunja kwa nsanja. Iye anadzuka. Anamvetsera. Anathamanga kutuluka, phukusi lija kulisiya pabenchi. Basi. Sewero latha.

Anthu anaimirira. Ena anakwera pamabenchi. Osewera anatuluka kudzagwada, akumawatchula mayina mmodzimmodzi. Atatchula lake holo inang'ambika. Mayi Bah analiza nthungululu m'khutu mwanga. Ine manja anali m'thumba, atagwirana ndi botolo la uchi. Ndinasuzumira kutsogolo. Mwa anthu onse a m'mizere yoyamba, chisoti choyera cha Koto chokha chinali chikhalire.

Panja, pansi pa mitengo ya mango, panali chipwirikiti. Asusu ndi Amaninka akukumbatira ana awo, kuwanyamula, kujambulitsa. Bambo wina ankazungulira ndi mwana wake wamkazi akufuula, "Wanga uyu, wanga ndekha." Ndinayang'ana kumbali.

Koto anatuluka pang'onopang'ono. Anthu ankawagwira chanza, iwo akungogwedeza mutu. Atandifika anati, "Waona?"

"Ndaona, Koto."

"Mutu uli pamtunda. Miyendo panja. Amuna mazana akuyang'ana. Kapeze galimoto. Akasamba, tikunyamuka naye."

"Koto..."

Anandiyang'ana. Panali anthu. Mng'ono satsutsa mkulu wake pali anthu. Pamene palibe anthu ndinali nditayesa kale.

Ndinachoka ngati ndikukafuna galimoto. Ndinazungulira mtengo. Mayi Bah anali atagwira Tely wawo m'makutu, akumupsompsona pachipumi. Ndinawakoka nsalu.

"Mayi Bah, ndili ndi pempho."

"Diallo akupempha? Zala zathyoka?"

"Akufuna kumutenga lero lomwe. Kukaphunzitsa ana a e i o u."

Anamusiya Tely. Anayang'ana komwe kunali Koto, kenako ine.

"Iwe ukufuna chiyani?"

"Mukudziwa."

"Sindikudziwa. Nena."

"Atsale."

"Ndani atsale?"

"Mayi Bah, musandizunze."

Anaseka. "Chabwino. Koma sindigwira ntchito yaulere. Nena kuti Bah ndi mbuye wa Diallo."

"Bah ndi mbuye wa Diallo."

"Mokweza. Tely amve, adzauze ana ake."

Ndinanena mokweza. Anandisenzetsa beseni lawo la nsalu, n'kutsogola.

Msuwani wachipongwe amakutukwana moyo wonse. Koma tsiku limene wasiya nthabwala n'kukupempha chinthu m'dzina la chisuwani, sukana. Okana alipo, koma nkhani zawo sizitha bwino, ndipo Koto amazidziwa zonse.

Koto tinawapeza ataima ndi mwana uja. Anali atasamba kumaso, atavala diresi lalitali, duku lili pamutu. Phulusa linatsalira kuseri kwa khutu. Chikwama chake chinali kale pamapazi. Analongedza sewero lisanayambe. Atandiona anapinda bondo.

"Baba."

"Amayi."

Anaona beseni lili pamutu panga. Sanafunse.

Mayi Bah sanalonjere. Anawerama, ndi thupi lonse lija, n'kugwira m'mphepete mwa mkanjo wa Koto. Mawu awo anasintha. Munalibe chipongwe.

"A Haji Sadou Diallo. Ndine Bah. Ndagwira chovala chanu m'dzina la zomwe anapangana makolo anu ndi anga. Mwanayu musiyeni agwire ntchito yake."

Koto anayang'ana dzanja lili pa mkanjo wawo. Kenako anayang'ana ine, ndi beseni langa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwatumidwa," anatero.

"Ndani angatume Bah? Akapolo anga awa?"

"Mayi, simukudziwa chimene mukupempha."

"Ndikudziwa. Sindisiya mkanjowu. Mukakwera nane galimoto chonchi mpaka ku Labé."

Mikanda inayenda. Inaima. Koto anapumira m'mwamba.

"Mpaka mvula ikubwerayi idzathe," anatero. "Akakhale kwa azakhali ake ku Hamdallaye, mu Conakry momuno, osati m'nyumba za anzake. Ikadzatha mvula tidzakambirananso."

"Mulungu akuonjezereni, wakuba wamkulu." Mayi Bah anadzuka akugwira msana.

Mwana uja anagwada pamaso pa Koto. Anathokoza. Anatembenukira kwa Mayi Bah, anawagwira manja onse awiri, anathokozanso, misozi ili m'maso. Ine ndinatula beseni. Palibe anandiyang'ana. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Zinandiwawa chimodzimodzi.

"Usandithokoze, mwana wanga," anatero Mayi Bah. Chipongwe chinali chitabwerera. "Ndakumvera chisoni. Bambo akowa ndinakhala nawo benchi imodzi. Anagona sewero lonse. Mkonono ngati lole yokwera phiri la Dalaba."

Anthu anaseka. Iye anasekako pang'ono, n'kundiyang'ana msanga, n'kuyang'ana pansi. Ndinaona. Sanadziwe ngati ndi nthabwala. Mwana wokulira m'makalasi, chisuwani amachidziwa ndi mutu. Ndipo atadutsa pambali panga muholo muja anandipeza nditazyolika.

Kukana sindikanatha. Kunena kuti sindinaphethire n'komwe ndi kuyamikira. Koto anali pompo. Chikwama chinali chikadali pamapazi ake, chotseka. Anali atapatsidwa mvula imodzi ndi munthu wachilendo. Funso lomwe anandifunsa pa foni linali lisanayankhidwe.

Bambo saloledwa kuyamikira mwana wake woyamba. Kudzudzula amaloledwa.

"Amayi," ndinatero, nkhope nditaiumitsa. "Pomaliza paja munalakwitsa."

Anadzutsa mutu.

"Wamisala wa padepoti sasiya phukusi lake. Angasiye chovala, angasiye chakudya. Phukusi ayi. Inu munalisiya pabenchi. Komanso poyamba munalinyamulira kumanzere, dzira lija litalowa m'khwapa munasinthira kumanja, osabwezanso."

Koto anagwedeza mutu, kukhutira kuti mng'ono wawo walankhula zanzeru.

"Ndinalisiya dala, Baba," iye anatero pang'onopang'ono. "Nkhani yonse yagona pamenepo. Akuganiza kuti amene amamudikira uja wafika."

Mayi Bah anatsokomola.

"Dala kapena ayi," ndinatero. "Ku gulu lanu latsopanolo mukakonze. Anthu a ku Conakry amalipira pakhomo, safuna zosokonekera."

Anandiyang'ana. Ulendo uno sindinagwetse maso msanga. Pakamwa pake panagwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka.

"Ndi pokhapo pamene ndinalakwitsa?"

"Palinso pena."

"Pati?"

"Lamarana," Koto anaitana. Anali atayamba kale kuyenda. "Galimoto ija ili kuti? Ndikufuna tifike ku Kindia kusanade."

Ndinatulutsa uchi ndi fonio, kumupatsira. "Mayi anu." Analandira ndi manja awiri.

"Pati, Baba?"

"Ndidzakuuzani pa foni."

Ndinanyamula chikwama cha Koto n'kuwatsatira. Sindinacheuke. Kumbuyo ndinamva Mayi Bah akufunsa ngati wina waona chikwama chawo cha ndalama, popeza a Diallo achoka mofulumira.

Tinapeza galimoto pamsewu waukulu. Koto kutsogolo, ine pakati, bondo la munthu lili m'nthiti. Sanandilankhule. Pa Coyah tinaimanso pamzere wa malole. Ndinatseka maso n'kuliyambanso sewero lija, kuchokera pa fungo la phulusa. Nthambi ya mango. Mluzu. Dzira. Galasi lopukutidwa ndi nsanza. Ndinalonjeza cholakwika chachiwiri, ndipo mwana ameneyo saiwala. Adzaimba foni mawa, kapena usiku uno.

Ndinafunafuna mpaka ku Kindia. Sindinachipeze.